Pikapu Itakana Kulira pa Tsiku la Chinkhoswe

Ine si munthu wa nkhani zambiri. Koma iyi ndinena, chifukwa ku Golomoti amaikamba kale, ndipo amawonjezera. Bola muimve kwa mwini wake.

Ntchito yanga ndi zigayo. Injini ya chigayo ikayamba kutsokomola, kuchokera ku Mtakataka kuno mpaka ku Mua, amaitana ine. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma dizilo ndimamudziwa. Anthu amanditchula kuti amakaniko, ine osakana. (Zoti injini ya chigayo ilibe mapulagi, ndipo ya petulo ili ndi khalidwe lake, palibe ankandifunsa.)

Chinali chaka china matipate atangoyamba. Yohane, mwana wa achemwali anga, anapeza mbeta kumudzi wina kuseri kwa Golomoti, dzina lake Felesiya. Ine monga malume ndinali nkhoswe wamkulu. Popanda ine chinkhoswe sichikanachitika. Tsiku loyamba tinalephera kupita, mvula itadula njira. A Jailosi, malume a mtsikanayo, sanakondwe. Anatumiza mawu ochepa: Loweruka, teni koloko. Dzuwa likadutsa pamutu tisanafike, tisavutikenso, poti pali mphunzitsi wina amene akufunsira mwana yemweyo.

Ndiye ndinabwereka pikapu ya alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Yakale, ya petulo, chitseko chimodzi chomangira waya. Anaibweretsa Lachisanu m'mawa, iwo ali pa ulendo wa ku Salima. Asanakwere minibasi anatsegula boneti.

"Alamu, masiku ano akuba achuluka. Mukaimika, muzichotsa aka."

Anandionetsa disitibiyuta, kamphika kamene kamagawira moto ku mapulagi. Anachotsa chivindikiro. M'kati munali kapulasitiki kakuda, kukula ngati chala chachikulu, kachitsulo pamwamba. Amakatchula rota. Kamazungulira, n'kumapatsa pulagi iliyonse moto pa nthawi yake.

"Popanda aka, wakuba ngakhale akhale ndi kiyi, angotopa."

"Ndamva," ndinatero.

Ndinamvadi. Masana ndinatsuka galimoto, ndinachotsa karota kaja, kukakulunga m'kampango, kukaika m'thumba la m'kati la jekete yanga yopachika kuseri kwa chitseko. Kenako panabuka mkangano wa tambala. Pa chinkhoswe ife akuchimuna timapereka tambala, akuchikazi amatipatsa thadzi. Achemwali ankafuna wofiira. Ine ndinati wofiirayo ndi wowonda, atiseka. Tinakangana mpaka nkhuku zinalowa m'khola zokha. Anapambana achemwali. Za rota zinachoka m'mutu.

Loweruka Yohane analawira pa njinga, kuti akadikire kwa mnzake pafupi ndi kwa Felesiya. Ndinamuona akutuluka pa chipata ataoneka bwino kuposa masiku onse. Sindinafunse chifukwa.

Eyiti koloko tinakweza. Anthu khumi ndi awiri, amayi atavala zitenje zofanana, dengu la mphatso za mkazi (lichero, tsache, mthiko, chipande), ndi tambala womanga miyendo. Amayi anayamba nyimbo. Ine ndinakhala pa chiwongolero nditavala malaya oyera. Ndinapotokola kiyi.

Sitata inazungulira. Tye, tye, tye. Injini osagwira.

Kachiwiri. Tye, tye, tye.

"Ndi petulo wa m'zigubu uyu," ndinatero. "Athiramo parafini."

Ndinamutukwana pang'ono amene anandigulitsa, iye kulibe. Ndinazula paipi yopita ku kabuleta n'kuyamwa ndi pakamwa. Petulo anabwera wambiri. Wina ndinalavula, wina anapita kumimba. Anali petulo weniweni, wabwino. Sindinauze munthu.

"Tsikani, mukankhe."

Amayi anamanga zitenje zatsopano m'chiuno. Anakankha mpaka pa mjigo. Ndinaika giya yachiwiri, kusiya kilatchi, galimoto n'kugwedezeka ngati ikufuna, kenako zii. Anaikankha kubwerera. Katatu konse. Ulendo wachitatu kunalibe nyimbo.

Ndinati ndi mapulagi. Ndinamasula onse anayi, kuwapala ndi sandipepa, kuwauzira. Imodzi ndinaisiya pa waya wake n'kuigundanitsa ndi chitsulo cha injini, kuti ndione ngati moto ukufika. Zimenezi ndinaziona kwa makaniko wina ku Salima.

"Amake Esinati, lowani mupotokole kiyi."

Mayi a kunyumba analowa, anapotokola. Pa pulagi panalibe moto, ngakhale kakang'ono.

Ndiye ndinapita ku koilo, kabotolo kachitsulo kamene kamapanga motowo. Ndinazula waya wake wapakati. Makaniko wa ku Salima uja ankagwira ndi pulayazi. Ine ndinagwira ndi dzanja, lonyowa thukuta. (Pa chigayo palibe waya woluma.)

"Potokolani."

Sindikudziwa kuti ndinalumpha bwanji. Mutu unamenya boneti, boneti inandibwezera. Mawu amene ndinanena sindibwereza, panali amayi a mumpingo. Mkono unachita dzanzi mpaka m'khosi. Koilo inali yamoyo kuposa ine.

Tsono moto ukutuluka ku koilo, koma ku mapulagi sukufika. Pakati pa ziwirizi pali chinthu chimodzi chokha. Ndisanachigwire, mayi a kunyumba anatulutsa mutu pa windo.

"Bambo a Esinati, kodi dzulo achimwene sanakuuzeni zochotsa kanthu?"

"Mayi, inu za injini zisiyeni."

Ndinanena mokweza, kuti onse amve. Ena anaseka. Kenako ndinatsegula chivindikiro cha disitibiyuta.

Munalibe kanthu. Kamtengo kachitsulo kokha, kopanda chovala.

Ndinatseka msanga.

Munthu wabwino akananena pomwepo. Koma ndinali nditatukwana wogulitsa petulo, nditakankhitsa amayi katatu, nditakalipira mkazi wanga pa gulu. Ndinapukuta manja.

"Koilo yapsa," ndinatero. Koilo yomwe inali itangotsala pang'ono kundipha.

Ndinalowa m'nyumba ngati ndikukatenga sipanala. Kuseri kwa chitseko kunali msomali wokha. Mayi a kunyumba anali atanditsatira.

"Jekete yanga?"

"Wavala Yohane. Mwana alibe yake. Si inu munati ndi kutentha kuno simuvala? Mukuifuniranji?"

"Palibe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatuluka.

Ndiye kuti rota inali itafika kale ku chinkhoswe, pa nthawi yake, pa njinga. Otsala tinali ife. Mafoni a m'manja nthawi imeneyo kwathu kunalibe.

Apa n'kuti ili teni koloko. Tikanayenda kupita ku msewu wa tala n'kukwera minibasi, tikanafika dzuwa lisanadutse. Achemwali ananena zomwezo. Ine ndinati andipatse mphindi khumi. Ndinauza onse akakhale pansi pa mtengo wa mango, ati ndikufuna mpata.

Dalaivala wina anandiuzapo kuti rota ikasweka kutchire, umatha kusema ina. Ndinatola chitsononkho, kuchidula, kuchiboola ndi mpeni. Pamwamba ndinamangira kachidutswa ka chitini. Ndinachikhomera pa kamtengo kaja, kutseka, kubwezera mapulagi. (Mwina zimatheka. Mwina dalaivalayo ankanama. Anamwalira, sindingamufunse.)

Ndinapotokola ndekha. Tye, tye, tye. Injini inatsokomola kamodzi. Kenako kumbuyo kunalira phuu! ngati mfuti.

Achemwali anali atamasula tambala miyendo pomumvera chisoni, poti anagona nthawi yaitali pa dzuwa. Tambala atamva phokoso anauluka kudutsa mpanda, ulendo m'munda wa thonje. Anthu asanu ndi awiri anamuthamangitsa. Wowonda uja anathamanga bwino kwambiri. Pomwe amamugwira n'kuti ili leveni.

Achemwali anabwera ataika tambala kukhwapa, chitenje chili chisoso chokhachokha.

"Achimwene, mwana wanga akataya mkazi chifukwa cha chitsulo chanuchi, mudzamuberekera wina ndinu."

Ndinatseka boneti.

Tinayenda mpaka pa tala. Minibasi inatenga theka. Ife otsala tinakwera pamwamba pa matumba a makala. Kuchoka pa Golomoti tinayendanso wapansi. Tinafika dzuwa litapendeka kale. Malaya anga oyera anali girizi kutsogolo, makala kumbuyo. Ndikapuma, anthu ankatembenuka chifukwa cha petulo.

A Jailosi anali pa mpando pansi pa mtengo. Munthu wamfupi, wa wotchi yaikulu. Anayendetsa malole zaka zambiri asanapume. Zimenezi ndinali ndisakudziwa. Yohane anali pa mkeka chapatali, atavala jekete yanga, thukuta lili kamukamu. Mkamwini sadzilankhulira yekha pa chinkhoswe. Anangokhala chete kuyambira m'mawa, kudikira malume ake.

"Ankhoswe, mwafika," anatero a Jailosi. "Ife timati mwina mwapeza kwina."

Ndinavula chipewa. "Galimoto, ankhoswe. Koilo."

"Koilo yatani?"

"Yapsa."

"Moto osatulutsa?"

"Ikutulutsa. Pang'ono."

"Koilo yopsa yotulutsa moto." Anayang'ana wotchi. "Ine ndakalambira pa chiwongolero, yotereyo sindinaione. Ulendo woyamba munati mvula. Lero mukuti koilo. Kuchedwa ndikhoza kukhululuka. Koma mwana wanga sindingamupereke ku banja limene nkhoswe wake amanama. Mawa akadzamenyedwa, mudzandiuza kuti wagwa yekha."

Anaimirira. M'nyumba munamveka kulira, ndinadziwa kuti ndi Felesiya. Achemwali anagwira pakamwa.

Yohane thukuta linali litamulowa m'maso. Anapisa dzanja m'thumba la m'kati, kutulutsa kampango, kukatambasula. Karota kanagwa, kanagubuduka pa dothi, kukaima pa nsapato ya a Jailosi.

Anakatola. Anakatembenuza kawiri.

"Mnyamata, aka wakatenga kuti?"

"Sindikudziwa, bambo. Jeketeyi ndi ya amalume."

Bwalo lonse linatembenukira kwa ine. Mayi a kunyumba okha ndi amene anayang'ana pansi.

Ndinatsokomola. Panatuluka petulo.

"Ndi ka galimoto ija," ndinatero. "Ndinakachotsa ndekha dzulo poopa akuba. Ndinaiwala. Nditakumbukira ndinachita manyazi. Koilo ili bwino, yandimenya m'mawa uno. Mvula ija inali yoona. Bodza ndi la lero, ndipo ndi langa. Mwanayu alibe mlandu. Amayi awa akankha galimoto katatu kuti afike kuno."

Moyo wanga wonse sindinalankhulepo mawu ambiri chotere nthawi imodzi.

A Jailosi anayang'ana karota, kenako ine.

"Ndiye akuba sanaibe?"

"Sanaibe."

"Inde. Ngakhale woisunga walephera kuichotsa pa khomo."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka. Kenako onse. A Jailosi sanaseke kwambiri, mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Anakhala pansi.

"Bodza lija mulipira nkhuku, ankhoswe. Yonenepa, osati ngati tambala mwabweretsayu."

(Ndinayang'ana achemwali. Sanandiyang'ane.)

"Apatseni mpando. Koma akhale kutali ndi kumene akuphika, angayake."

Chinkhoswe chinachitika. Anatulutsa atsikana ophimba zitenje, Yohane anasankha wake osalakwitsa. Tinapereka tambala, tinalandira thadzi. Karota a Jailosi anakaika pa mkeka pakati pa mphatso, pafupi ndi nkhwangwa imene akuchikazi anapatsa mkamwini, kuti aliyense wobwera mochedwa akaone ndi kumva nkhani yake. Anandibwezera potsanzikana.

M'mawa mwake ndinachotsa chitsononkho, chinali chitapsa mbali imodzi. Ndinaika rota. Kupotokola kamodzi, injini inalira ngati yatsopano. Mayi a kunyumba ankasesa pa khonde.

"Yalira," ndinatero.

"Ife za injini sitizidziwa," anatero, osasiya kusesa.

Nkhuku ndinakapereka Lachitatu. Alamu sindinawauze, koma anamva ku Salima asanabwere n'komwe.

Yohane ndi Felesiya ali ndi ana anayi tsopano. Ine ndidakali nkhoswe. Akayambana amabwera kuno, ndipo ndimamuuza Yohane kuti mkazi akalankhula uzimva. Felesiya amagwada mwaulemu n'kunena kuti, "Zoona, amalume. Jekete ija ilipo?" Ku Golomoti amakaniko palibe amanditchula. Ndine a Koilo.

Ndinaphunzirapo. Galimoto ikakana kulira, ndimayamba ndapisa m'matumba. Mayi akafunsa funso, ndimayankha motsitsa mawu, kuti ngati ndalakwa amve okha.

Koma koilo ija, ndikuuzeni, inali yofookadi pang'ono.