Zala za Amayi Zilibe Chipani

Lolemba

Kodi anakhazikitsa lamulo loti wodwala nyamakazi azingokhala pamphasa ndani? Mudzi wonse ukulisunga ngati linatsika ndi Mose. Zala za Amayi zauma gwa, mtedza wawunjikidwa pabwalo wopanda wothothola, anthu akuti temerani mphini mudikire dzuwa la Okutobala. Ayi! Chaka chatha tinasintha boma, tingalephere zala khumi?

Amayi ndawakweza pa njinga ya malume mpaka kuchipatala cha mishoni. Mayi wa mafizo akuti mfundo zili ngati tcheni cha njinga, ukasiya kupalasa chimachita dzimbiri. Nyamakazi sichoka, koma imagonja. Watipatsa pepala la zithunzi: pindani zala, tambasulani chimodzichimodzi, kakhumi. Digiri yanga yapeza ntchito boma lisanandiitane!

Lachiwiri

Munthu mmodzi si chitukuko. Ndikukhazikitsa Bungwe la Olimbana ndi Nyamakazi. Zofunika:

wapampando (ine)
mlembi (inenso)
wenzulo
nthambi ku Madisi ndi ku Msakambewa pofika Khirisimasi, Ntchisi yonse chaka chamawa

Ndalengeza kuchigayo. Mawa pansi pa mkuyu!

Lachitatu

Anthu pikitipikiti! Ena alibe n'komwe nyamakazi. ANangondo, oyandikana nafe: "Iwe mwana wa aNaphiri, chipani chakochi chikugawa nsalu kapena matisheti?"

Ndikufotokoza kuti ichi si chipani. Wenzulo, pyee! Aliyense atambasule chala chimodzi, m'mwamba!

Kalanga ine, chala chimodzi ndi chizindikiro cha boma lakale. Malume adzuka, avula chipewa, misozi lengelenge, ayambitsa nyimbo ya pamisonkhano. Theka layankha. Theka lina lanyamula timipando tawo n'kumapita.

Lachinayi

Ndakonza. Lero tikuyambira zala ziwiri. Othawa dzulo aja abwerera akusekerera, pakuti zala ziwiri n'za chipani chawo. Malume: "Mphwanga, ukugulitsa mudzi uli pa njinga yanga?" Njinga yapita.

Ndikuyesa chithunzi chachitatu: lumikizani manja, finyani. Chimenechonso chili ndi eni ake, ndi amene akulamula panowa! Anagawira zipani zala za anthu ndani? Zatsala:

chala chaching'ono
chigongono

Lachisanu

Abwera awiri, Amayi ndi aNangondo. Palibe kanthu, mabungwe akuluakulu amayamba chonchi. Nzeru yandibwerera posamba: mawondo alibe chipani! Khalani, imani, khalani, imani. Pepala likuti kakhumi, koma kakhumi ndi liwiro la nthawi yakale. Makumi atatu! Zala nazo makumi atatu, kuseri kwa nkhokwe kosaoneka.

ANangondo: "Mwanawe, ngakhale asilikali amapuma."

Mawa mtedza uyamba kuthotholedwa, ndikulumbira.

Loweruka

Bondo la aNangondo latupa ngati dzungu. Amayi akulephera kugwira ngakhale kapu ya tiyi, akungondiyang'ana. Kuchitsime akuti awa ndiwo mankhwala a kuyunivesite.

Ndawerenganso pepala lija. Pansi penipeni, zilembo zikuluzikulu: ZIKAPWETEKA, LEKANI. Pamenepo sindinafikepo, ndinali ndikulemba malamulo a bungwe.

Azakhali afika ndi lezala m'kapepala. Akuti Lolemba atema mphini manja onse awiri. Amayi sanakane. Pa mulu wa mtedza makwangwala akuchita mafizo awo, khalani, imani, ndipo iwowo sakutupa.

Lamulungu

Bungwe latha. Wapampando watula pansi udindo, mlembi walandira kalatayo mwachisoni.

Titachoka ku Misa, Amayi andituma madzi ofunda m'beseni. Amiza manja onse. Ndikuona zala zikupindika pansi pa madzi, chimodzichimodzi.

"Mayi wa mafizo uja ananenanso za madzi ofunda," akutero. "Iwe unali kalikiliki kumufunsa zoyambitsa bungwe ndi nthambi zake. Komanso m'madzi muno palibe akuona kuti ndikuvotera ndani."

Kakhumi, alekera pomwepo. Apukuta manja, atola mtedza umodzi, aufinya, aufinyanso. Thwa! Adya okha, osandigawira. Azakhali auzidwa kuti lezala lija akametere amuna awo.

"Mawa iwiri," akutero Amayi.

Iwiri patsiku. Mulu ukundifika m'chiuno. Ndakokera kampando pamenepo, ndayamba kuthothola ndekha.