Mvula Yagwa mu Ofesi Mokha

Lolemba

Foni ya kalabu yathu ya alimi a tiyi ili m'manja mwanga! Osati mwa aneba anga a Makwinja a Sitandade 8 aja, ayi. Mwa ine, amene sukulu ndinangoionera pawindo, zilembo n'kuphunzirira pa masaka a feteleza.

Alangizi athu, mtsikana wa ku Luchenza uja, akuti ntchito yake ndi yochepa. Mvula ikagwa kuno ku Khwethemule, ndidine batani lobiriwira kamodzi. Foni yokha iwonjezera mzere m'tebulo la m'kompyuta ku ofesi ya ku Boma. Mizere ikachuluka, adziwa kuti nthaka yanyowa, atumiza lole ya mbande za tiyi zimene tadikira chaka chonse.

"Ikagwa, agogo. Ikagwa." Kubwerezabwereza ngati ndine mwana. Mvula ine ndinayamba kuidziwa mayi awo asanabadwe.

Lachiwiri

Dzuwa lili phwee. Koma bondo langa lakumanzere likuwawa, ndipo bondo limeneli silinama. Anthu a m'maofesi ndimawadziwa: ukawauza lero amadzuka mwezi wamawa. Kuli bwino kuwauziratu.

Ndadina. Foni yati ting! Yavomereza.

Amayi a kunyumba: "Mvula yake iti, bambo?" Ndawayankha kuti ili m'njira.

Lachitatu

Zizindikiro zalero:
nyerere zikusamutsa mazira kuseri kwa khola,
achule ayamba kukambirana kudambo,
Mulanje wavala chipewa,
bondo likuwawa n'lakumanja lomwe.

Chizindikiro chilichonse n'chake, ndiye chilichonse mzere wake. Ting, ting, ting, ting. Foniyi ndi yaulemu, sitsutsana ndi akulu.

Sinagwe. Igwa mawa, n'zachidziwikire.

Lachinayi

Mitambo yonse yathawira ku Mozambique, kwa makolo athu. Fumbi lokhalokha.

Chabwino, ndichotseko mizere ingapo, asati ndanama. Koma batani lochotsera lili kuti? Palibe! Ndadina lomwelo kwa nthawi yaitali: ting ting ting. Ndaizondotsa foni mutu pansi kuti mwina ibwerera m'mbuyo: ting!

A Makwinja, atatsamira pampanda: "Achimwene, imeneyo imangodziwa kuwonjezera basi. Aimbireni alangizi." Ine kuimbira mwana kuti ndalakwitsa? Ndaiponya m'thumba la buluku, n'kukwera njinga kukagula mchere. Pabampu paliponse ting, ting, mpaka ku Luchenza ndi pobwerera pomwe.

Lachisanu

Lole yabwera!

Dalaivala watsika atavala magambutsi, kumbuyo wanyamula makasu okumbira galimoto ikatitimira. Wayang'ana pansi, wayang'ana kumwamba, wayang'ana ine. "Madala, matope aja ali kuti?"

Alangizi afika pa njinga yamoto, milomo ili mbuu ndi fumbi. Akuti m'tebulo mwathu mukuoneka kuti yagwa usana ndi usiku, moti abwana awo amafunsa ngati nyumba zathu zidakali chilili.

Ndawafotokozera za bondo. Sanaseke. Akanaseka bola.

Mbande sizibwerera, lole ili ndi ulendo wina. Atsitsa zonse pansi pa mtengo wanga wa mango, m'machubu mwake. Zikauma, chaka chino zina kulibe, osati za ine ndekha, za kalabu yonse. Anthu a kalabu asonkhana. Akungondiyang'ana bondo.

Loweruka

Mbande zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Theka la kalabu ndi a Sabata, ndowa sagwira mpaka dzuwa litalowa. Theka linalo akuti amene anagwetsa mvula m'foni aigwetsenso m'machubu.

Ndiye otunga madzi ndi awa:
ine,
amayi a kunyumba, koma osandilankhula,
ndowa ziwiri, ina yodontha.

Mtsinje uli kumunsi, mango ali kumtunda. Anaika chitunda chimenechi pakati ndani?

A Makwinja adutsa atavala jekete, Baibulo m'khwapa. "Sabata labwino, achimwene. Samalani poterera." Dzuwa litalowa abwera ndi ndowa yawo, ndi ena a mpingo wawo. Atunga mpaka mdima. Sindinawathokoze mokweza, angazolowere.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Mulungu akudziwa kumene ndili, pakati pa mtsinje ndi mango.

Mbande zili moyo. Za m'mphepete zaweramitsa mitu, koma zili moyo, ndipo zikhala moyo ngakhale msana uthyoke.

Alangizi abwera kudzatenga foni. Ndawapatsa ndekha asanapemphe, yandikwana kale. Tsopano ili kwa a Makwinja. Aione nawonso.

Ndafunsa ngati mizere ija aifufuta. Akuti wodziwa kufufuta ali patchuthi, ndiye m'tebulo la ku ofesi, kwathu kuno kudakali chigumula. Atitumiziranso uthenga wotichenjeza kuti tisawoloke mitsinje yodzadza.

Ndamva, abwana. Ndikupita kumtsinje komweko ndi ndowa, kukapala madzi ndi kapu.