Mankhwala a Tonde

Lolemba
Malungo andisiya ngati bango. Loweruka ndikalima dimba la a Zuze ku Makhanga, aone ngati ndingasunge mwana wawo Chanazi. Ndi manja awa?
Ndikutsuka mabotolo kuchipatala, ndikumva adokotala akuuza sisitere kuti kwawo amafinya mavalo a nyama n'kubaya odwala owonda. Akuti muli kanthu komanga mnofu, koma palibe anakapatula kokha. Ndikapatula ine!

Lachiwiri
Zofunika: botolo, kansalu kosefera, kachasu, mpeni, tonde.
Zonse zilipo kupatula tonde.

Lachitatu
Mwayi! Tonde wamawanga akudya thonje m'munda mwa amayi. Mwini wake sadziwika. Ndikumuthamangitsa mpaka kunjanji, wandigwetsa kawiri, koma ndamufula. Wapita akulira. Chisoni chandigwira, pang'ono.

Lachinayi
Kusinja mavalo aja, kuthira kachasu, kusefa katatu. Mtundu wake ngati Shire atasefukira. Jekeseni ndilibe, ndiye ndikungomwa. Fungo! Amayi: "Kodi m'nyumba muno mwafa chiyani?"
Ndayeza mkono ndi luzi. Sunasinthe.

Lachisanu
M'mimba nkhondo. Ulendo wakuthengo kasanu ndi kawiri. Adokotala atamva aseka mpaka kuvula magalasi: "Ngakhale kwathu sitikudziwa ngati zimagwira. Idya nsomba ndi mapira, ugone."
Luzi lija layamba kukhwepa. Ndikuchita mantha.

Loweruka
Ndafika mamawa, khasu paphewa. Chanazi akundimwetulira ali pamtondo. Mizere iwiri ndalima bwinobwino, a Zuze akugwedeza mutu.
Kenako pansi pa musawu, tonde wamawanga! Akuyenda motang'adza. Wandiona. Walira kulira kwa Lachitatu, wathawira kuseri kwa mbuye wake.
A Zuze: "Tonde mmodzi yekha m'khola langa lonse. Ndikamupeza wachita izi!"
Andinunkhiza. Ayang'ana tonde. Andinunkhizanso.
"Siyani khasu, bambo. Njira mukuidziwa."

Lamulungu
Sindikupita kutchalitchi, nkhani yandifikira kale kumeneko. Chanazi watumiza mawu kudzera mwa amayi kuti ankandifuna chiwondere chomwechi. Bwenzi atanena Lolemba! Mtima ukuwawa kuposa m'mimba.
Botolo ndalikwirira. Nsomba ndadya.
Amayi akuti ndisadandaule, mankhwala anga agwira ndithu. Mbuzi yofula imanenepa msanga.