Zikomo Bwana Pondiika M'manda Ndili Moyo

Kwa Bwana Mphunzitsi Wamkulu,
Sukulu ya Pamwamba pa Phiri,
Hong Kong.

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndagwira mwendo wanu, mundikhululukire pokusokonezani. Ndine Luzviminda Tabuena wa ku Iloilo. Ndaphunzitsa sayansi pasukulu panu zaka khumi ndi chimodzi, chitseko chachitatu kuchokera pa ofesi yanu. Musavutike kundikumbukira. Mutu wa bwana umasenza zambiri, ndipo pa aphunzitsi makumi asanu, ife osakhala azungu tachulukadi: tilipo atatu athunthu.

Ndabwera kudzathokoza.

Choyamba, mayina. Mwanditchapo Maria, Grace, ngakhalenso Wulan, uja wa ku laibulale amene anasiya ntchito kalekale. Mayi anga, pokhala osaphunzira, anangondipatsa limodzi.

Chachiwiri, tsiku la makolo lija. Mayi wina anandikoleka chikwama cha mwana wake paphewa, nati, "Iwe, kasiye mkatimo, uwauzenso aphunzitsi kuti tafika." Munali pomwepo, Bwana, ndipo munamwetulira mokoma. Ndinakasiya chikwamacho, ndinadziuza ndekha kuti afika, kenaka ndinakhala pampando wanga n'kuwafotokozera chifukwa chimene mwana wawo akulepherera.

Chachitatu ndiye chachikulu. Mwezi wathawu tinataya Mayi Perlita Gatchalian, amene anasesa ofesi yanu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anali wamfupi, waimvi, wovala magalasi. Ine ndine wamtali ngati mtengo wa mbendera. Komabe m'nyuzipepala ya sukulu, pamwamba pa dzina lake, munaikapo chithunzi changa, ndi mawu anu okhudza mtima akuti, "Nkhope imene sitidzaiiwala."

Ophunzira anga analira. Mmodzi atandiona pakhonde anakuwa n'kugwetsa mabuku. Mwana wa Perlita, kwawo ku Pangasinan, anatsegula nyuzipepala imene munamutumizira kuti aone mayi ake komaliza, n'kupeza mlendo akumwetulira. Anandiimbira foni kufunsa ngati pasukulupa panali munthu amene ankawadziwa mayi ake.

Nditakadandaula, mlembi wanu anati, "Pepanitu, komanso inu mumafanana kwambiri." Mawa lake inuyo munandigwira dzanja, nkhope ili yachisoni, n'kundipepesa pa imfa ya mchemwali wanga. Ine ndi Perlita sitinali pachibale, Bwana. Dziko lathu n'limodzi, koma zilumba zathu n'zosiyana, zilankhulo zathunso n'zosiyana. Anali mnzanga chabe, amene tinkagawana naye chakudya masana.

Sindikupempha kuti mukonze cholakwikacho, ndikudziwa kuti makina osindikizira ndi otanganidwa. Pempho langa n'laling'ono. Mu envulopu muno ndaikamo chithunzi cha Perlita, ndipo kuseri ndalembako dzina ndi zilembo zikuluzikulu. Muchisunge. Tsiku limene ndidzamwaliredi, mudzasindikize chimenechi pamwamba pa dzina langa, kuti naye sukulu yanu idzamuoneko kamodzi.

Ine wanu wodzichepetsa,
malemu amene akadali pantchito,

Luzviminda Tabuena