Giza Inadzikweza Yokha

Dilu inabadwa pa botolo lachitatu. Madilu onse opusa amabadwira pamenepo.

Anali atatu, kuseri kwa bala, dzuwa likuswa mtengo. Mkulu wa gulu anali Injiniya. Dzinalo analipeza atanyamulira pulambala wina chikwama kwa milungu iwiri. Wachiwiri Jombo, thupi ngati chitseko, nzeru ngati bowo la kiyi. Wachitatu Fungo. Uyu sindifotokoza.

"Nyumba ya geti yobiriwira ija, giza yawo yotenthetsera madzi yavuta," anatero Injiniya. "Madamu akudikira pulambala. Tilowa ndi maovolosi, tiitsitsa. Wogula zitsulo alipo kale."

"Nanga alamu akamva?" anafunsa Jombo.

Injiniya anaika botolo pansi. Mkazi wake anali atalumbira kuti akangolowanso kundende kachitatu, podzatuluka adzapeza nyumba ili ndi makatani ena, banja litatha.

"Samva. Iyi ndi ya sayansi, amwene."

M'mawa mwake anafika pa pikapu yobwereka. Mlonda anatsekula geti. Madamu anawaonetsa kachipinda pafupi ndi bafa. Giza inali momwemo: thanki yoyera, yotalika ngati munthu, yotsekeka ponseponse. Kapaipi kamodzi kokha kanatulukira kunja kwa khoma.

"Kapaipi aka kakhala kakulavula madzi otentha," anatero Madamu. "Abwana anu pafoni anati ndizimitse magetsi ake, munthu asayatse mpaka aione okha."

"Amatero nthawi zonse," anayankha Injiniya. "Pitani kuntchito, mayi. Musadandaule."

Anapita.

Jombo anakumbatira thanki. Anakankha. Thanki osasuntha.

"Yadzaza madzi, shasha."

"Tiwathe madziwo."

"Kutaya chabe?" Fungo anali ataima pakhomo la bafa, maso pa chibafa choyera ndi mabotolo a sopo. "Bwanji tiwathe posamba?"

Mawu amenewa kutuluka mkamwa mwa Fungo chinali chozizwitsa. Palibe anatsutsa.

Madzi anali ozizira. Injiniya anayatsa magetsi.

Anasamba Fungo. Anasamba Jombo. Anasamba Injiniya, kawiri. Anagogoda thanki. Yodzaza. Zoti madzi akatuluka pamwamba ena amalowa pansi kuchokera ku paipi ya mumsewu, sanaziphunzire m'milungu iwiri ija.

"Ndi yaikulu," anatero. "Tichapenso maovolosi."

Anachapa. Anayanika. Thanki yodzaza.

Kenako kapaipi ka panja kaja kanayamba kulira. Nthunzi, madzi owira, mluzu ngati ketulo.

"Madala a pageti amva," ananong'ona Jombo.

Injiniya anatuluka atamanga thaulo la maluwa. Anasema kamtengo. Anakhomera m'kapaipi ndi sipanala, nakulunga ndi mphira. Zii.

"Mwaona? Vuto la mlungu wathunthu, ine mphindi ziwiri."

Anatseka mipopi yonse. Anakhala pabalaza kudikira maovolosi aume. Amuna atatu, mathaulo atatu a Madamu, TV ikusewera. Fungo ankangodzinunkhiza mkono, osakhulupirira.

M'kachipinda munayamba kugunda. Gu. Gu-gu.

"Ndi mimba yako, Jombo?"

"Mwina. Sindinadye."

Gu-gu-gu.

"Imeneyo si yanga."

Matauni ndayenda, mabasi ophulika matayala ndakwera. Koma omwe anamva phokoso la tsikulo amati linalibe mnzake. Khoma la bafa linagona pansi. Giza inaboola siling'i, inaboola malata, inakwera kumwamba ikukoka mchira wa nthunzi. Mlonda anavula chipewa, naiperekeza ndi maso.

Inatsika. Inagwera kumbuyo kwa pikapu, pamalo enieni omwe anaikonzera. Matayala awiri anaphulika pomwepo.

Maovolosi? Anali pachingwe, kuseri kwa khoma lija. Pansi pa njerwa.

Atatuwo anatuluka akutsokomola, oyera ndi fumbi, amoyo mwamwayi. Geti inali yokiya. Kunja anthu a mumsewu wonse. Kuthawa utavala thaulo la maluwa kumafuna manja atatu.

Pulambala weniweni anafika limodzi ndi apolisi. Anatola kamtengo kaja, nakayang'ana nthawi yaitali.

"Chozimitsa magetsi madzi akatentha chinafa kale. N'chifukwa chake ndinati isayatsidwe," anatero. "Giza yamtunduwu ilibe popumira pena. Kapaipi aka kakalira, ndiye kuti kakukupulumutsani. Wakatseka ndani?"

Jombo ndi Fungo analoza ndi zigongono. Manja anali otanganidwa.

"Nanga katunduyu wakweza ndani pagalimoto?" anafunsa wapolisi.

"Wakwera yekha, bwana," anayankha Injiniya.

"Ukanene zimenezo kukhoti. Ndidzabwera kudzamvera."

Mkazi wa Injiniya anafika kupolisi dzuwa lisanalowe. Anaima pazitsulo. Injiniya anali atakonza kale mawu: satana, anzanga oipa, komaliza.

Sanawagwiritse ntchito. Mkaziyo anasendera pafupi. Ananunkhiza. Ananunkhizanso. Anayang'ana thaulo.

"Bambo a kunyumba, kuba ndinakuzolowera," anatero pang'onopang'ono. "Koma zaka khumi ndi ziwiri ndakupemphani kuti musambe kawiri patsiku, osatheka. Lero mwasamba kwa mkazi wina. Sopo wake, thaulo lake."

"Mayi, inali njira yothera madzi."

"Anatha?"

Injiniya anayang'ana pansi.

Makatani anasinthidwa Loweruka lomwelo.