Thovu la pa ukwati wa Esinati

Pa chithunzi cha ukwati wa Esinati pali bambo wina amene waima kumapeto, suti yake itanyowa kuyambira pakolala mpaka m'mawondo. Alendo akabwera kunyumba amakonda kufunsa ngati tsikulo kunagwa mvula. Kunalibe mvula. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo bamboyo ndine.

Esinati ndi mwana wa mlongo wanga. Bambo ake anatisiya iye ali ndi zaka zisanu, ndiye anakulira m'manja mwanga kwathu kuno kwa Tengani. Tsiku la chinkhoswe chake, akuchimuna ananena mwaulemu kuti ali ndi pikiyapu yatsopano imene ingadzanyamule mkwatibwi. Ine ndinaimirira pamaso pa anthu a mbali zonse ziwiri, n'kudziguguda pachifuwa.

“Mwana uyu sakwera galimoto ya munthu wina. Kutchalitchi ndikamutula ndine, pa minibasi yanga.”

Amayi analuluta, ine n'kukhala pansi mtima uli mbee. (Akazi anga, amake Joni, sanalulute nawo. Anangondiyang'ana.)

Minibasi imeneyi ndinaigula nditapuma ntchito ku minda ya nzimbe, ndipo zaka zake zimaposa za Esinatiyo. Yanyamulapo thonje, mapira, mbuzi, odwala, ngakhale kwaya yonse ya kutchalitchi ndi ng'oma zake zomwe. Injini yake ili pansi pa mpando wakutsogolo, moti ukafuna kuthira madzi mu lediyeta umayamba watsitsa munthu kenako n'kutukula mpando. Ndimaikonda, zimenezo sindibisa.

Ukwati unali Loweruka. Lolemba m'mawa ndinatukula mpando kuti ndiwonjezere madzi monga mwa masiku onse. Nditatsegula chitsekerero cha lediyeta, m'malo mwa madzi ndinapezamo chiphala chofiirira, chooneka ngati tiyi wochuluka mkaka. Ndinapisamo chala. Chinali choterera, fungo lake la oyilo.

Mwina mukuganiza kuti ndinayamba kuganizira za injini. Ayi. Ndinayamba kuganizira za a Semba, aneba athu amene nawonso ali ndi minibasi, amenenso dzulo lake anadutsa pakhomo panga osapereka moni. Ndinawanong'oneza amake Joni kuti pali anthu ena sakufuna kuti ukwatiwu utiyendere bwino.

“Itanani a Fombe,” anatero, osasiya n'kusesa komwe.

A Fombe ndi makaniko wa ku Bangula, Msena wosalankhulalankhula, amene galimoto za dera lino amazidziwa kuposa eni ake. Anafika masana pa njinga yamoto, ine n'kuwalandira ndi matenda ndawapeza kale.

“Ndi gasiketi, a Fombe. Yapsa. Tingomasula mutu wa injini basi.”

“Mwaiona?”

“Sindinaione, koma ndikudziwa.”

A Fombe anatukula mpando. Anasolola kandodo koyezera oyilo, n'kukayang'ana padzuwa. Oyilo anali wakuda bwinobwino, wopanda madzi. Anandiuza kuti ndilize injini, iwo n'kupita kumbuyo kukaona utsi. Unali wa masiku onse, osati woyera. Anabwerera n'kusuzumira mu lediyeta nthawi yaitali, kuona ngati mukutuluka mpweya. Munalibe.

“Gasiketi nkhabe,” anatero akupukusa mutu. “Ikanakhala iyo, madzi akanalowa kwa oyilo, kapena mpweya ukanawira muno. Pano oyilo yekha ndi amene wapita kukacheza kwa madzi. Tifufuze khomo limene wadzera.”

Anakwawira pansi, n'kumasula kabokosi kachitsulo kamene amakatchula kuti oyilo kula. Anandifotokozera kuti mkati mwake oyilo ndi madzi zimadutsa moyandikana, pakati pali kachitsulo kopyapyala, kuti madzi aziziziritsa oyiloyo. Anapempha beseni la madzi ndi pampu ya njinga. Anatseka bowo limodzi ndi chala, linalo n'kulowetsamo pampu, kabokosiko n'kukamiza m'beseni, monga timachitira pofufuza pamene chubu chabooka.

“Popani, shamwali.”

Ndinapopa. Timpweya tinayamba kutuluka m'madzimo, ndondondo.

“Madzi amene mumathira m'galimoto muno mumatunga kuti?”

“Pa mjigo wa kusukuluko.”

“Amchere aja? Amene nyemba sizipsa nawo?”

“Omwewo.”

“Inu mumamwera tiyi?”

“Aa, ndani angamwere tiyi madzi amenewo?”

“Ndiye inu mumawakana, koma galimoto mwaimwetsa zaka zonsezi. Mchere wadya chitsulo mpaka kuboola.”

Amake Joni anali pakhonde akusankha mpunga. Sanatukule n'komwe mutu. Anangoti, “Ndiye kuti mfiti ija yapezeka.” Ndinayamba kupukuta pampu ngati ndi ntchito yofunika kwambiri.

Lachinayi a Fombe anabwera ndi kabokosi kena, n'kukamangirira. Koma anali pa changu, chifukwa amawoloka Shire kupita kwa Mlolo kumaliro a apongozi awo. Ntchito yotsuka mkati anandisiyira ine, ndipo anandilangiza pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani.

“Oyilo wadzaza m'mapaipi monse. Muthire madzi abwino, osati a pamjigo, ndi sopo waufa dzanja limodzi. Limodzi, shamwali. Mulize injini itenthe, muzimitse, izizire, mukhuthule. Mubwereze mpaka madzi atuluke oyera. Mukatero mutsukuluze ndi madzi okhaokha kasanu, sopo yense achoke. Mwamva?”

“A Fombe, ine ndagwira ntchito ndi mathirakitala zaka makumi awiri.” (Ntchito yanga inali yolemba mayina a madalaivala pageti, koma mathirakitalawo ankadutsa pafupi ndithu.)

Lachisanu linali tsiku la chipwirikiti. Pakhomo panadzaza amayi ophika, ndipo madzi onse abwino amene anatungidwa ku Shire anali ndi eni ake. Awa a thobwa, awa a mpunga, awa a nyama. Nditapempha, anandigawira zigubu zitatu zokha, ndiponso mondinyinyirika.

Apa m'pamene nzeru zanga zinayamba kugwira ntchito. Ndinaganiza kuti ngati madzi ndi ochepa, ndiye sopo achuluke. Ulendo woyamba ndinathira manja atatu. Zimene zinatuluka zinali zakuda zonyansa, ine n'kusangalala. Ulendo wachiwiri ndinathira manja asanu, ndipo zinatuluka zoyererako. Nditatsala ndi chigubu chimodzi, ndinaima n'kudzifunsa: ndikakhuthula awa, mawa ndiyendera madzi ati? Komanso sopo akatsala mkati alakwa chiyani? Si ndiye kuti azichapa uku tikuyenda? Ndinakhuthulira paketi yonse yotsalayo, n'kutseka, n'kudabwa kuti a Fombe ndi ukatswiri wawo wonse sanaganizepo zimenezi.

Loweruka minibasi inawala. Atsikana anaimanga maliboni ndi mabaluni, ine ndinavala suti yanga yabuluu. Esinati anakhala kutsogolo, pamwamba pa bulangete lopinda kuti injini isamuwotche, diresi lake loyera litadzaza mpando wonse. Kumbuyo kunali mayi ake, amake Joni, ndi amayi ena okwana kwaya. Abusa anali atatichenjeza kuti tifike 9 koloko, chifukwa 11 ikakwana anyamuka kupita kumpingo wina kumene amawadikiranso. Pikiyapu ya akuchimuna inatsogola, ife pambuyo, nyimbo zili pakamwa.

Titayenda ndithu pa tala, akabaza anayamba kutikuwira. Ine ndinkayesa akutisangalalira, ndiye ndinkawayankha ndi hutala. Mayi wina amene anasenza mtolo wa mapira anatiloza, n'kugwira pakamwa. Naye ndinamuimbira hutala. Kenako bambo wina wa panjinga anapalasa mwamphamvu mpaka kufika pawindo langa.

“Adala, galimoto yanu ikuchapa msewu!”

Ndinayang'ana pagalasi. Kumbuyo kwathu kunali mzere woyera wa thovu, wautali kukafika kumene maso amalekera, zina zikuuluka ndi mphepo. Ndinayang'ana singano ya kutentha. Inali itafika pofiira.

Ndinaimika pansi pa mtengo wa masawu, onse n'kutsika. Thovu linkatuluka pansi pa galimoto n'kumaunjikana ngati thonje pamsika. Ndinatukula mpando, ndipo mwayi wake ndinakumbuka kuti lediyeta yotentha satsegula. Tinadikira. Mlongo wanga ankangoti, “Achimwene, achimwene,” akuyang'ana dzuwa.

Itazizirako, ndinauza onse kuti atalikire, makamaka mkwatibwi. Ndinaphimba chitsekerero ndi thumba, n'kupotokola pang'ono. Sindikudziwa kuti thovu lonselo linkakwana bwanji m'kalediyeta kameneka. Linafwamphuka n'kundimenya pachifuwa, kulowa m'kolala, m'matumba, m'makutu, mpaka m'nsapato. Likanakhala lotentha bwenzi nkhani ino ndikuilembera m'chipatala. Nditatembenuka, maso okha akuoneka, amake Joni ndi amene anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo amayi onse anawatsatira.

“Munathira manja angati?” anafunsa akupukuta misozi.

“Angapo.”

“Paketi ija ndimaifunafuna m'mawa kuti ndichapire nsalu za patebulo.”

Ine zoseka zinali zitandithera. Nthawi inali itadutsa 9 koloko, mwana wa mlongo wanga ataima m'fumbi ndi diresi la ukwati, zonsezi chifukwa cha kudzimva kwanga. Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire.

Posakhalitsa pikiyapu ija inabwerera kudzatifuna. Anatsika ndi a Thole, amalume a mkwati, munthu wofatsa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufuna kuseka, koma anadzigwira.

“Pepani, asebere. Tiyeni titenge mkwatibwi, abusa ayamba kuyang'ana wotchi.”

Ndinavomera ndi mutu. “Esinati, kwera mwanawe. Ndakulakwira.”

“Ayi, amalume.”

“Ukwati wako uchedwa.”

“Uchedwe. Nthawi imene munkanditenga panjinga kupita kusukulu, ikaphwa tinkayenda limodzi pansi. Simunandikwezepo ya munthu wina. Munanena pamaso pa anthu kuti mukanditula ndinu, ndiye ine ndikudikirani.”

Anasonkhanitsa diresi lake m'manja, n'kukhala pa bulangete pansi pa msawu paja. Mayi ake anamunyengerera, a Thole anamunyengerera, koma mwanayo makani ake anatengera kuchikazi. Ine ndinatembenuka n'kumapukuta nkhope, ndi kunamizira kuti sopo wandilowa m'maso.

A Thole anakanda mutu, kenako anati, “Chabwino. Ngati mkwatibwi wakana pikiyapu, madzi sangaikane. Mukufuna ochuluka bwanji?”

“Otsukuluzira kasanu,” ndinayankha ndi mawu aang'ono.

Amayi anabalalika m'nyumba za m'mbali mwa msewu kukabwereka ndowa ndi zigubu. Pikiyapu yatsopano ija, imene ndinainyoza pa chinkhoswe, inathamangira ku Shire n'kubwera itadzaza madzi, ena akutayikira pa maliboni ake. Tinayamba ntchito. Ine ndinagona pansi kumasula paipi, a Thole atavula jekete akuthira, amayi akupatsirana ndowa. Pofika ulendo wachiwiri anali atapeka kale nyimbo yonena za amalume amene anachapa galimoto mkati n'kuiwala kutsukuluza, ndipo anthu a m'mudzimo anatuluka kudzavina nawo. Agogo ena aamuna anandigwira paphewa n'kunena kuti ukwati wokoma chonchi sanauonepo, chonsecho ukwatiwo unali usanayambe.

Ulendo wachinayi madzi anatuluka oyera. Ndinati, “Basi, akwana, tiyeni.”

Amayi onse anayankha pamodzi ngati anapangana: “Kasanu!”

Tinatsukuluza kachisanu.

Tinalowa pabwalo la tchalitchi singano ya kutentha ili pakati bwinobwino, abusa atavala kale chipewa cha njinga yamoto, phazi lili pa kiki. Mkwati anali pakhomo, nkhope itagwa. Abusawo anayang'ana mkwatibwi, diresi lake lopanda ndi kadontho komwe, kenako anayang'ana ine. Anavula chipewa pang'onopang'ono.

“Nkhaniyi mundiuza tikamaliza,” anatero. “Lowani.”

Ndinamutsegulira Esinati chitseko, ndipo ndinafuna kuima kumbuyo kuti ndisamudetse. Iye anakoleka mkono wake pa mkono wanga wonyowawo, n'kundikoka. Tinayenda mpaka kutsogolo, nsapato zanga zikulira chwa, chwa, tchalitchi chonse chikununkhira sopo. Titafika anandinong'oneza kuti, “Mwanditula, amalume.” Pamenepo ndinalira poyera, ndipo sindinanamizirenso kanthu.

A Fombe atabwerako kwa Mlolo anapeza mbiri itawatsogolera kale. Anathira mankhwala obiriwira oziziritsa injini mu lediyeta, n'kundilumbiritsa kuti madzi a pamjigo ndisadzawayandikitsenso. Ndikusunga lumbirolo. Ndinaphunzira kuti waluso akati limodzi, ndi limodzi, akati kasanu, ndi kasanu.

Kungoti sabata ino mabuleki ayamba kulira, ndipo ndikuona ngati ndikudziwa vuto lake. Dzulo ndinafuna bokosi la masipanala tsiku lonse osalipeza. Amake Joni akuti sakudziwa kumene lili, koma akunena akumwetulira.