Mawu Awiri Amene Aimitsa Makina a Sopo

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Antchito,
Fakitale ya Sopo,
Ofesi yam'mwamba, ya kapeti ija.

Bwana wolemekezeka,

Ndiloleni ndiyambe ndi kuyeretsa dzina lanu. Kukantini anthu akunong'onezana kuti munachotsa alamu anga, a Sipanala, pa makina odulira sopo kuti muikepo mwana wa achemwali anu. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza. Munawachotsa chifukwa pa mayeso anu atsopano analephera kusiyanitsa "affect" ndi "effect". Zoti amene anakhoza yekha ndi mwana wa achemwali anuyo, zinangochitika.

Tsono ndikuthokozeni.

Choyamba, mwatitsegula m'maso. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi a Sipanala akhala akumva ndi khutu lamba akafuna kuduka, n'kumusintha asanaduke, ife n'kumayesa kuti ntchito ndi imeneyo. Umbuli ndi matenda! Sitinkadziwa kuti makina amayendera Chingerezi.

Chachiwiri, simunawataye chimanjamanja. Mwawapatsa tsache, asese pabwalo mpaka mwezi uno uthe, kenako aone msana wa njira. Mchemwali wanga, mkazi wawo, ndi ana ake anayi akuti ndikupatsireni moni.

Chachitatu, katswiri wanu watsopano. Tayi yake tonse timaisirira. Makina atayamba kulira ngati mbuzi yomangidwa, iye anawayang'ana, anayang'ana kudenga, n'kukathimitsa magetsi a fakitale yonse.

Musati ndi nsanje, bwana. Ine mawu awiriwo ndimawadziwa. Ndinawaphunzira kuyunivesite ndisanaisiye m'chaka chachitatu, ndipo ndikhoza kukuwonjezerani ena makumi awiri amene inuyo mumawasokoneza m'zidziwitso zanu zapakhoma. Nzeru zonsezo ndimapindira makatoni. Tsiku la mayesolo munandituma kukatsitsa katundu pa lole, ndipo ndikuthokoza, thupi limafuna kuliwongola.

Pempho langa ndi laling'ono, ndalipereka nditagwada. Tsikani masitepewo, kapeti sathawa. Mukaime pamaso pa makinawo, muwafotokozere kusiyana kwa mawu awiri aja pang'onopang'ono, chala m'mwamba, monga mumachitira ndi ife. Akakana kumva, suzumirani pabwalo. A Sipanala ali pomwepo, tsache m'manja, sipanala yawo ikadali m'thumba la ovolosi.

Ndine wantchito wanu wosayenera n'komwe kuponda kapeti,
Wopinda makatoni, tebulo lachitatu.

Ndikadaiwala: lero makinawo akwanitsa masiku asanu ndi anayi ali chiimire.